Mutu 5: Mtsikana Amene Anadzuka

1. Sewero loimba

Lachisanu masana, dzuwa la ku Feira litafika pamutu, Madamu Petronella anauza ana a giledi naini kuti atchinge mawindo a holo ndi zitenje. Iwowa anali aphunzitsi a nyimbo, ochokera ku Lusaka, ndipo tsikulo anabwera ndi pulojekita.

"Lero muona filimu ya sewero limene anthu salankhula," anatero. "Chilichonse amaimba. Kupempha madzi amaimba, kukangana amaimba, ngakhale kufa amaimba. Sewero lotere amati opera. Mawu a Chingerezi azidutsa m'munsimo, muziwerenga msanga."

"Kufa uku akuimba, Madamu?" anafunsa Wendy. "Mpweya autenga kuti?"

Ana anaseka. Thecla, amene anakhala benchi limodzi ndi Wendy, sanaseke. Thupi linali mu holo, koma mtima wake unali ku doko.

Poyamba anyamata a kumbuyo ankatsanzira mawu okwera a azimayi a m'filimumo, atadzitsina mphuno. Koma nkhani itagwira, onse anatchera khutu.

Nkhani yake inali iyi. Wosoka nsapato wina anali ndi mwana mmodzi wamkazi. Kunabwera mwamuna wa pa sitima ya pamadzi, wa mawu okoma, namunyengerera mtsikanayo. Atate ake analetsa, koma iye anathawa naye. Ku dziko lachilendo mwamunayo anatopa naye, namusiya m'kachipinda ali wodwala. Mtsikanayo anayenda wapansi kubwerera kwawo, nagogoda pa chitseko cha atate ake. Atatewo, chifukwa cha mkwiyo, anachedwa kutsegula. Pamene anatsegula, anapeza mwana wawo ali gone pakhomo, atazizira kale. Anamunyamula, naimba nyimbo imene inaliza ngakhale anyamata a kumbuyo aja. Kenako nyale zinazima, ndipo chinsalu chofiira chinatseka zonse.

Wendy anali akupukuta misozi ndi kolala ya yunifomu pamene chinsalu chija chinatsegukanso.

Mtsikana uja anali chilili, wamoyo, akumwetulira. Dzanja lake lamanja linagwira atate ake, lamanzere linagwira mwamuna wa pa sitima uja. Anthu ankaomba m'manja, ena ataimirira, ena akuponya maluwa. Kenako panatulukira mwamuna wa imvi, wa jekete lakuda, amene sanali m'nkhanimo. Mtsikanayo anathamanga kukamugwira dzanja, ndipo onse anawerama pamodzi.

Nthawi yomweyo mlonda wa pasukulu anasuzumira pakhomo. Galimoto yopita ku msonkhano wa aphunzitsi inali ikudikira Madamu. Iwo anazula zingwe za pulojekita mofulumira.

"Lolemba aliyense adzandiuze tanthauzo la mathero ake," anatero ali pakhomo.

Panja mkangano unabuka.

"Sanafe ameneyo, anakomoka chabe," anatero mnyamata wina. "Uja wa jekete ndi dokotala."

"Dokotala wopanda chikwama?" anatero Wendy. "Ndi m'busa uja, wabwera kudzamangitsa ukwati. Simunaone maluwa? Simunaone atate ndi mkamwini akuseka pamodzi?"

Ambiri anagwirizana ndi Wendy. Palibe mmodzi mwa iwo amene analowapo m'nyumba ya masewero. Anazolowera mafilimu a pa foni, momwe chomaliza kuoneka ndicho mathero a nkhani.

Thecla anafunsa funso limodzi lokha. "Ndiye kuti atate ake anamukhululukira?"

"Waona wekha," anayankha Wendy.

2. Boti la Lolemba

Chimene chinkamuvuta Thecla chinali Simão. Uyu anali mwamuna wamkulu ndithu, wa ku Zumbo, tsidya lija la Mozambique, wogula ndi kugulitsa nsomba zouma. Anali ndi boti la injini. Anamuona Thecla pa doko, pomwe ankathandiza amayi ake kugulitsa vitumbuwa Loweruka lililonse. Poyamba ankangogula mbale yonse, ngakhale analibe womuthandiza kudya. Kenako anamupatsa foni. Kenako anayamba kukamba za nyumba ya malata ndi kasitolo koti Thecla azikagulitsamo.

"Sukulu idzakupatsa chiyani?" ankatero. "Ndi angati anamaliza giledi twelofu ali pano akusenza madzi? Lolemba mamawa boti langa linyamuka. Bwera ndi chikwama chabe. Akulu adzakwiya, koma mkwiyo wa kholo umatha."

Thecla anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mayeso a giledi naini anali pafupi. Masamu ankawatha bwino. Koma chimene chinkamuletsa kuvomera sichinali mayeso ayi. Inali nkhope ya atate ake ndi misozi ya amayi ake. Tsopano filimu ija inamuchotsera mantha. Ngati mtsikana uja, amene anavutika chotero, anathera m'maluwa atagwirana manja ndi atate ake, nanga iye amene akungowoloka mtsinje?

Loweruka analembera Simão pa foni kuti, "Ndidzabwera Lolemba."

Sanafunse kuti kliniki ili kutali bwanji ndi nyumba ya malatayo. Sanafunse kuti madzi amatunga kuti, kapena ngati m'nyumbamo munakhalapo mkazi wina. Mafunso amenewa ambiri timawakumbukira mwana ali kale kumsana.

Chimene chinkasowa chinali chikwama. Cha sukulu chinali chaching'ono, ndipo cha amayi ake sakanachitenga osafunsidwa. Anakumbukira chikwama chachikulu cha amalume ake, a Valentino.

3. Ukonde wa amalume

Lamulungu Misa itatha, Thecla anawapeza a Valentino pansi pa mtengo wa msau kuseri kwa nyumba yawo, akusoka ukonde. Iwowa anali msodzi, mlongo wa amayi ake a Thecla, koma Feira yonse inkawadziwa ndi dzina lina. Chaka chilichonse pa Lachisanu Loyera, m'sewero la kutchalitchi, iwo ndiwo ankakhala Yudasi.

Thecla anagwada, nawapatsa moni.

"Mwana wa mlongo wanga wandikumbukira lero," anatero. "Kaya ndi chikondi, kaya mchere watha kunyumba?"

"Ndafuna kubwereka chikwama chija chachikulu, amalume."

"Chili m'nyumba. Ulendo wa kuti?"

Thecla anayang'ana pansi. A Valentino sanamukakamize. Anangomupatsa nsonga ya ukonde.

"Gwira apa, ukoke pang'ono. Ng'ona yandiboolera malo oti munthu nkudutsa atasenza mtolo."

Anagwira ntchito kwa kanthawi. Kenako Thecla, pofuna kumva maganizo awo mozungulira, anayamba kuwafotokozera filimu ija. Anafotokoza zonse, kuyambira wosoka nsapato mpaka m'busa wa jekete lakuda.

"Ndiye mukuona, amalume," anamaliza, "mwana angalakwe, koma pomaliza makolo amamulandira."

A Valentino anaika pansi singano ya ukonde. "Tabwereza pomalizapo. Chinsalu chinatseka?"

"Chinatseka."

"Chitatseguka, mtsikanayo anali pakhomo paja pomwe anagwera?"

Thecla anaganiza. "Iyai. Anali kutsogolo, pa mzere ndi anzake."

"Ankayang'anana okhaokha, kapena ankayang'ana anthu oonera?"

"Oonera."

"Anaimbanso?"

"Sanaimbe. Anangowerama."

"Nanga m'busa wakoyo, poyambirira sanaime patsogolo pa oliza zoimbira, akugwedeza manja ngati a Langford, otsogolera kwaya yathu?"

Thecla analeka kukoka ukonde. Anakumbukira msana wa jekete lakuda ndi kandodo kakang'ono kali m'mwamba, filimu ikungoyamba kumene, pomwe iye ankasuzumira foni pansi pa benchi.

A Valentino anaseka mpaka kutsokomola. "Ana inu mwamangitsa ukwati wa munthu wakufa."

"Koma tinamuona, amalume. Anadzuka."

"Tamvera, mwanawe. Ine ndimadzimangirira chaka chilichonse pa mtengo wa bwemba wa kutchalitchi. Chingwe chimakhala m'chiuno, koma anthu amalira, ena amanditukwana. Sewero likatha ndimamasula chingwe, a Everisto, amene amakhala Yesu, amatsika pa mtanda, tonse timaima pa mzere, Pilato, asilikali, Mariya. Timawerama, anthu nkuomba m'manja. Kenako ine ndi a Everisto timamwa maheu m'kapu imodzi. Ndiye kuti Yudasi sanafe? Yudasi anafa. Amene akumwa maheu ndi Valentino. Chaka china agogo ena a ku Kavalamanja anandimenya ndi ambulera pamsika, ati ndinagulitsa Ambuye. Iwe ndi anzako mwalakwa monga agogo aja, kungoti inu mwalakwira mbali inayo."

"Nanga maluwa aja?"

"Maluwa ndi a woimba, chifukwa wagwira bwino ntchito yake. Kuomba m'manja kuja ndi zikomo, monga ife timaombera munthu akatipatsa kanthu. Nkhani inathera pakhomo paja. Mwana wa wosoka nsapato sanadzuke."

Nsonga ya ukonde inapulumuka m'manja mwa Thecla, nigwera m'fumbi.

4. Mawu a amalume

"Chikwama ukufuna ndi cha ulendo wa ku Zumbo," anatero a Valentino, osakweza mawu. "Usadabwe. Azimayi a nsomba pa doko anandiuza kale za foni, ndipo ndinkasowa poyambira. Manje wabwera wekha, ndiye ukhale bwino umve.

"Zumbo ndilibe nayo mlandu. Kuli abale athu, timaikana maliro, timakwatirana. Ukadzakula nkufuna kukwatiwa kumeneko, ndidzapalasa bwato ndekha kukuperekeza. Vuto ndi msinkhu wako.

"Ine ndimagona m'misasa ya asodzi, kuno ndi tsidya lomwe. Ndimawaona atsikana onga iwe. Masiku oyamba amavala chitenje chatsopano, nkumayenda mothimbwidzika. Posakhalitsa uwapeza pa thandala, akutumbula nsomba kuyambira mamawa, manja atang'ambika ndi mchere. Boti likapita ku malonda mwamuna amatha masabata, iwe uli ndi apongozi amene sanakusankhe. Kasitolo kamene analonjeza, wogulitsamo ndi mlongo wake. Ukatenga mimba, chiuno chako chikadali cha mwana. Matenda akayamba, mtsinje utadzaza, mvuu zili panjira, adzakuwolotsa ndani? Ndanyamulapo m'bwato langa mtsikana wotero. Tinafika naye kuchipatala. Khanda linakhala moyo, iye ayi. Amayi ake anamukhululukira ndithu, ndinawamva ndi makutu angawa. Koma anakhululukira bokosi.

"Atate ako adzakukhululukira, izo usakaikire. Funso ndi loti adzakhululukira Thecla wotani. Woimba wa m'filimu uja anafa, nadzuka, napita kwawo kukasamba, mawa lake nkufanso. Ndi ntchito yake, amadyera pomwepo. Iwe ukagwa pakhomo, palibe chinsalu chodzatsegukanso.

"Mayeso ali pafupi. Lemba. Ukakhoza, malo a giledi teni tidzawafuna, ngakhale ndigulitse ukonde uwu ndi bowo lake lomwe. Ukalephera, udzabwereza. Simão ngati ali ndi mtima wabwino, adikire. Chikwama chili pa msomali kuchipinda. Sindikubisira. Ukachifuna, katenge."

Atatero anatolanso singano yawo, napitiriza kusoka ngati sananene kanthu.

Thecla anakhala nthawi yaitali akuyang'ana chitseko cha nyumba ya amalume ake. Chinali chotsegula. Nkhuku inalowa, nitulukanso. Pomaliza anasendera pafupi, nagwada bwino, naomba m'manja pang'onopang'ono monga anamuphunzitsira amayi ake.

"Zikomo, amalume. Mukanandikalipira, ndikanapita."

"Ndikudziwa. Ndinakula ndi amayi ako, mutu ndi womwewo."

"Mudzawauza?"

"Udzawauza wekha ukakonzeka. Ine ndine Yudasi wa Lachisanu Loyera chabe. Masiku enawa sindigulitsa anthu."

Thecla anaseka, misozi ili m'masaya. Anatola nsonga ya ukonde ija, naisasa fumbi, ndipo sanachoke mpaka bowo la ng'ona litatsekedwa. Popita amalume ake anamudzazira masau m'thumba la diresi kuti akapatse ang'ono ake. Anatuluka pa bwalo manja ali opanda chikwama, koma akuyenda mopepuka kuposa mmene anabwerera.

Si mwana aliyense amene ali ndi munthu womupatsa nsonga ya ukonde m'malo mwa mbama. Ena anachenjezedwa ndi ndodo, nathawa ndodoyo kukagwera komweko kumene ankaletsedwa. Ena sanachenjezedwe nkomwe. Ngati muli naye wamkulu wokukhazikani pansi nkukufunsani mafunso mpaka mutaona nokha, muthokozeni akadali moyo.

5. Pa doko

Lolemba mamawa Thecla anavala yunifomu, napukuta nsapato, nanyamula kachikwama kake ka mabuku. Pa mphambano sanakhotere kusukulu. Anatsikira ku doko, kuja madzi ofiira a Luangwa amakumana ndi a Zambezi.

Pa doko panali piringupiringu. Azimayi ankalimbirana nsomba za pende za m'mabwato ofika kumene, anyamata akutsitsa mitolo ya nsomba zouma, fungo la petulo litasakanikirana ndi la mchere. Simão anali m'boti lake, akuthira mafuta mu injini. Atamuona anaimirira.

"Chikwama chili kuti? Nanga yunifomu ndi ya chiyani?"

"Sindipita, a Simão."

Thecla anatulutsa foni ija pamodzi ndi chingwe chake, zitakulungidwa m'pulasitiki, nazipereka ndi manja awiri.

"Loweruka unati ubwera."

"Ndinatero. Ndinali nditamva nkhani molakwika."

"Nkhani yanji?"

"Ya kusukulu. Ndili ndi mayeso, ndifuna kulemba. Zikomo pa zonse, koma foni yanu nayi."

Azimayi a nsomba anali atasiya kukangana mitengo. Mmodzi wa iwo, atagwira pende kumchira, analankhula osayang'ana aliyense. "Mwamumva mwanayo, bambo. Landirani katundu wanu, manja ake atopa."

Simão analandira foni, naiponya m'thumba la malaya. Sanakwiye. Anamwetulira, ndipo kumwetulirako kunamuopsa Thecla kuposa mkwiyo.

"Wachedwa, Thecla. Unkaganiza kuti ndikutenga ngati mbuzi yakuba, atate ako akandiitanire apolisi? Akulu anga awiri anawoloka dzulo. Pano ali kwanu, kuti pomwe ife tili pamadzi, iwo akhale atakonza zonse za ukwati. Chaka chino njovu zatha munda wa atate ako, si choncho? Tione ngati abweza mbale."

Belu la sukulu linamveka chapatali. Thecla anatembenukira kwa amayi a pende aja.

"Amayi, chonde, mutume munthu kwa amalume a Valentino. Awauze kuti abwere kwathu manje."

"Thamanga, mwanangu. Ndipita ndekha."

Thecla anathamanga, kachikwama ka mabuku kakumumenya kumsana. Anadutsa msika, nadutsa chitsime, nalowa m'kanjira ka kwawo.

Pa bwalo panali patayalidwa mphasa. Amuna awiri achilendo anakhala pamenepo, zipewa zili pa maondo. Amayi ake anakhala pambali, nkhope ili pansi. Atate ake anali pa kampando, ndipo patsogolo pawo panali mbale ziwiri zatsopano, ina itavundikira inzake.

Thecla ankaudziwa mwambowo. Ofunsira mkazi amabwera ndi mbale zotero, ndipo kholo likavundukula, ndiye kuti lalandira mawu awo. Ankadziwanso kuti mwana wamkazi salankhula pa mphasa yotere.

Dzanja la atate ake linali litayamba kale ulendo wopita ku mbale.

Thecla analowa pa bwalo, fumbi lili m'masokosi, nagwada pakati pa alendo ndi mbalezo.

"Atate," anatero, akupuma wefuwefu, "musavundukule. Ndili ndi mawu."

Alendo aja anayang'anana. Amayi ake anakweza nkhope. Dzanja la atate ake linaima pamwamba pa mbale, koma silinabwerere.